Munthu wa M'sewero Akasintha Khalidwe

Usiku wa Lamulungu, pa 2 Meyi 2021, anthu okwana 12.8 miliyoni a ku Britain adakhala pansi kuonerera ndime yotsiriza ya chigawo chachisanu ndi chimodzi cha sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Line of Duty. Adali atadikira zaka zingapo kuti amve dzina la wapolisi wamkulu amene ankadyera limodzi ndi zigawenga mseri. Dzinalo litatchulidwa, ambiri sadakondwe. Kutacha m'mawa madandaulo adadzaza m'manyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo pakati pa madandaulowo padali limodzi lomveka kawirikawiri, lakuti mlembi adasokoneza makhalidwe a anthu ake, kotero kuti munthu amene oonerera adamdziwa kale sadalinso yemwe adamuona potsiriza.

Mwezi uno tati tikambirane za dandaulo limeneli, makolo ndi achinyamata pamodzi, pakuti masewero a mtundu uwu alowa m'nyumba zambiri, ndipo woonerera aliyense ayenera kudziwa kuweruza chimene waona. Funso lathu ndi ili: kodi ndi liti pamene woonerera ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira kuti munthu wa m'sewero wasintha khalidwe, nanga ndi liti pamene dandaulo lake lingochokera m'kukhumudwa kwa mtima wake?

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Aliyense amene adakambirapo ana nthano madzulo adziwa kuti ana ndi oweruza okhwima. Mukawauza kuti Fisi ndi wadyera ndi wopusa, ndiyeno pakati pa nthano Fisi yemweyo n'kuchenjera kuposa Kalulu popanda chomchenjeretsa, ana aja aleka kuvomera kuti tili tonse, nayamba kukupanikizani ndi mafunso. Koma mukati Fisi adapsa mchira kawiri chifukwa cha mabodza a Kalulu, ndipo kachitatu adakana kupusitsidwa, ana avomera mokondwa, popeza aona kumene nzeruyo yachokera. Lamulo la nthano ya pabwalo ndilo lamulo la sewero la pa kanema. Munthu wa m'nkhani aloledwa kusintha, komatu kusinthako kukhale ndi mizu imene omvera adaonetsedwa.

Seweroli ndi anthu ake

Kwa amene sadalione seweroli, tiyambe talifotokoza. Adalilemba ndi a Jed Mercurio, amene adayamba akhala dokotala asadatembenukire ku ntchito yolemba. Lidayamba kuonetsedwa pa BBC Two m'chaka cha 2012, ndipo oonerera atachuluka lidasamutsidwira pa BBC One m'chaka cha 2017. Zigawo zisanu ndi chimodzi zimene tikukambazi zidatuluka mu 2012, 2014, 2016, 2017, 2019 ndi 2021, ndime zonse pamodzi 36. Nkhani yake ndi ya kagulu ka apolisi kotchedwa AC-12, kamene ntchito yake ndi kufufuza apolisi anzawo oganiziridwa za ziphuphu ndi katangale. Tinenenso pano kuti muli zachiwawa zambiri m'seweroli, motero si loti ana ang'onoang'ono aonerere.

Atengambali akuluakulu ndi atatu. Oyamba ndi a Ted Hastings, mkulu wa kaguluko, bambo wachikulire wochokera ku Northern Ireland, wolankhula mosapsatira, amene mawu a lamulo sachoka pakamwa pawo. Mbali imeneyi amasewera ndi a Adrian Dunbar. Wachiwiri ndi Steve Arnott, woseweredwa ndi Martin Compston, mnyamata amene adalowa m'kaguluko chifukwa adakana kunama pamene apolisi anzake adawombera munthu wosalakwa, akulu ake nafuna kuti nkhaniyo ikwiriridwe. Wachitatu ndi Kate Fleming, woseweredwa ndi Vicky McClure, mayi waluso pa ukazitape, amene amatumizidwa kukagwira ntchito pakati pa apolisi oganiziridwawo, iwo osadziwa chimene wadzera.

Chinthu chimodzi tichidziwiretu. Masewero ambiri a pa kanema amasokonekera chifukwa alembi amasinthana, wina kuyamba, wina kupitiriza, wachitatu kumaliza, aliyense ndi maganizo ake. Line of Duty silidatero, pakuti ndime zonse 36 adalemba ndi munthu mmodzi. Tsono ngati pali cholakwika palibe wina womloza chala, ndipo ngati pali chokoma ulemu wake upita kwa iwo omwe.

Kusintha kokhala ndi mizu

Tiyambe ndi pamene mlembi adachita bwino, kuti tikhale ndi muyeso. M'chigawo cha 2017 Steve adakankhidwa ndi chigawenga chovala chophimba kumaso, nagwa kuchokera pamwamba pa masitepe, navulala msana kwambiri. M'chigawo cha 2019 tidamuona akumwa mankhwala oletsa ululu. Pofika 2021 adali atagwidwa nawo ukapolo mankhwalawo, kuwagula m'masitolo osiyanasiyana kuti asazindikirike, kuwamwera mowa, ndi kuzemba makalata omuitana kwa oona za umoyo wa apolisi. Mnyamata amene adakana kunama mu 2012 tsopano ankabisa choonadi cha thupi lake lomwe. Kusinthaku ndi kwakukulu, koma sikutidabwitsa, chifukwa tidaona tsiku limene adagwa ndipo tidayenda naye njira yonse.

Chitsanzo china choposa apa ndi cha Ryan Pilkington. Mu 2012 adali kamnyamata koyenda pa njinga, kosasamalidwa kwawo, kotumidwa ndi zigawenga, kamene kadafika poyesa kudula zala za Steve ndi chodulira zitsulo. Apolisi atakagwira adangokabweza kunyumba komwe kuja, kumene kudalibe wokalangiza. Mu 2019 tidampeza ali mnyamata wamkulu m'gulu la zigawenga, napha wapolisi wa ukazitape, John Corbett. Pa mathero a chigawocho adalowa sukulu ya apolisi, ndipo mu 2021 adatulukira atavala yunifolomu, diso la zigawenga pakati pa apolisi. Wosewera mbaliyi, Gregory Piper, adali yemweyo kuyambira ali mwana kufikira atakula. Apa mlembi adabzala mbewu, naidikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pokolola palibe akadati zipatsozo nzachilendo.

Mlandu wa a Hastings

Tsono tifike pa dandaulo lalikulu. Kwa zigawo zinayi oonerera adawakonda a Hastings monga tate wolungama, munthu mmodzi amene ziphuphu sizikadamfika. M'chigawo cha 2019 adawaona akubisa ndalama zimene sadayenere kusunga, ndipo mu 2021 adawamva akuulula kuti mawu awo adathandizira imfa ya wapolisi mnzawo. Ambiri adakana, nati awa si a Hastings athu, mlembi wawaipitsa dala kuti nkhani italike.

Komatu tikabwerera m'mbuyo tipeza kuti mizu idalipo. M'chigawo cha 2014 AC-12 inkafufuza mayi wapolisi wotchedwa Lindsay Denton, woseweredwa ndi Keeley Hawes. Mayiyo, pofunsidwa mafunso, adawatembenukira omfunsawo, naulula zobisika za onse atatu. Za a Hastings adaulula kuti adali pa ngongole yaikulu. Ndalama zawo adazitaya pa malonda a nyumba amene adagwa, nyumba yawo idagulitsidwa, ndipo banja lawo ndi mayi Roisin lidali likugwedezeka. Zonsezi bamboyo sadafune kuti zidziwike kuntchito. Pofika 2019 ankagona m'kachipinda ka hotela, ndalama yolipirira ikuwavuta, makalata othetsa banja ali pa tebulo. Nthawi imeneyo ndi pamene wapolisi wina wopuma pa ntchito, Mark Moffatt, adawafikira ndi mawu okoma akuti ndalama zotayika zija zingathe kubwerera, nawapatsa envulopu ya mapaundi 100,000. Udali msampha. Theka la ndalamazo lidapezeka m'chipinda chawo, iwo naimbidwa mlandu, koma theka linalo, mapaundi 50,000, adalibisa, ndipo pambuyo pake adakalipereka kwa mkazi wamasiye wa John Corbett.

Chifukwa chopatsira mayi wamasiyeyo chidadziwika bwino mu 2021. Corbett, pokhala pakati pa zigawenga monga kazitape, adafika pokhulupirira kuti a Hastings ndiwo wapolisi woipa uja, ndipo adakazunza mayi Roisin m'nyumba mwawo. A Hastings adapita kundende kukaonana ndi mkaidi wina wa m'gulu la zigawengalo, Lee Banks, namtsina khutu kuti m'gulu mwawo muli wopereka nkhani kwa apolisi. Iwo adati cholinga chawo chidali chakuti Corbett achite mantha nadzipereke, koma mawuwo atafika kwa zigawenga Corbett adaphedwa. Potsiriza, popanda wowakakamiza, a Hastings adakaulula zimenezi pamaso pa Patricia Carmichael, mkulu amene adali mdani wawo pa ntchito. Akulu adati mlandu suola.

Tikaika zonsezi pamodzi tiona munthu mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Ndi bambo wokonda lamulo, komanso wonyada, wochita manyazi ndi umphawi wake, wosungulumwa, ndi wopsa mtima mkazi wake atapwetekedwa. Munthu wotere angathe kugwa monga adagwera, ndipo angathenso kudzuka monga adadzukira. Zaka zisanu zidapita pakati pa kuululika kwa ngongole ndi kufika kwa envulopu ija. Pamenepa tiganiza kuti oonerera sadamchitire chilungamo mlembi. Iwo adawakonda a Hastings kotero kuti ming'alu imene adaonetsedwa mu 2014 adaiiwala, ndipo khoma litagwa adati lagwetsedwa ndi mlembi.

Pamene oonerera adanena zoona

Sitikuti madandaulo onse adali opanda pake. Pali malo atatu pamene tiona kuti oonerera adalasa.

Poyamba ndi nkhani ya kompyuta. M'chigawo cha 2019 tidaonetsedwa a Hastings akukulunga kompyuta yawo ya m'manja, nakaisiya kumalo koonongera zipangizo zotere, akuyang'ana uku ndi uku ngati mbala. Tidawaonanso akulembera zigawenga uthenga modzionetsa ngati mkulu wa zigawengazo, ndipo mu uthengawo adalakwitsa kalembedwe ka mawu a Chingerezi akuti definitely, naika a pamalo pa i, monga momwe wapolisi woipa uja ankalakwitsira. Aliyense woonerera adati basi, wapezeka. Pamathero tidauzidwa kuti kompyutayo adaitaya chifukwa cha manyazi, popeza ankaonerapo zithunzi zolaula, ndipo kulakwitsa kuja adachita dala potsanzira. Mayankho awa atseka pakamwa, koma safika pamtima. Wapolisi wa zaka zambiri, wodziwa mmene umboni umaonekera, sakadachita zinthu motere pakati pa kafukufuku woopsa. Zidachitika chifukwa mlembi ankafuna kutisocheretsa. Munthu adasandutsidwa nyambo, ndipo nsomba zake tidali ife.

Kusocheretsa oonerera si kulakwa m'sewero la apolisi, pakuti ndiwo mchere wake. Koma pali njira ziwiri zochitira. Mlembi angathe kutionetsa munthu akuchita zogwirizana ndi khalidwe lake, ife n'kuzimasulira molakwa tokha, ndipo choonadi chikatuluka timaseka kupusa kwathu. Angathenso kumchititsa munthuyo zosemphana ndi khalidwe lake kuti tigwe m'mbuna, ndipo choonadi chikatuluka timamva kuti tanamizidwa. Nkhani ya kompyuta ili m'njira yachiwiriyi.

Kachiwiri ndi nkhani ya chilembo cha H. Wapolisi wina wa mu AC-12 momwemo, Matthew Cottan, amene ankatchedwanso Dot, adali munthu wa zigawenga, ndipo adafa m'chigawo cha 2016 atadziika pakati pa Kate ndi zipolopolo. Mu 2017 tidaonetsedwa chithunzi cha kanema chojambulidwa iye ali kutsirizika, mmene adaphethira diso pa chilembo cha H, kusonyeza chiyambi cha dzina la mkulu woipayo. Oonerera adatha zaka ziwiri akusanthula maina onse oyamba ndi H. Ndiye pamathero a 2019 adauzidwa kuti m'chithunzi chomwecho zala za Cottan zinkagogoda kanayi, ndipo m'kalembedwe ka Morse madontho anayi ndiwo chilembo cha H, motero H si munthu mmodzi koma anthu anayi: Cottan mwini wake, Derek Hilton, loya Gill Biggeloe, ndi wachinayi wosadziwika. Kodi munthu wolasidwa pachifuwa, mpweya ukumthera, angakhale ndi nthawi yoluka mwambi wotere? Apa oonerera adaona dzanja la mlembi likusoka chigamba chatsopano pa nsalu yakale, ndipo adali ndi chifukwa chodandaulira.

Kachitatu, ndipo kwa ife ndi apa pakulu, ndi nkhani ya Kate. Chigawo cha 2021 chidayamba iye atachoka kale mu AC-12. Kuchokako sitidakuone, tidangomva kuti adatopa ndi kugwira apolisi anzake ndiponso kuti chikhulupiriro chake mwa a Hastings chidachepa. Izi tikadazilandira. Koma taonani chimene chidatsatira. Mkulu wake watsopano, Jo Davidson, woseweredwa ndi Kelly Macdonald, adali m'manja mwa zigawenga, ndipo adamkokera Kate kumalo oimikapo malole usiku, kumene Ryan Pilkington adamlozetsa mfuti. Kate adali ndi mfuti mwa chilolezo, nawombera podziteteza, Ryan nafa. Wapolisi wosunga malamulo ngati iye akadaima pomwepo kudikira anzake. M'malo mwake adathawa ndi Jo yemwe uja pa galimoto ya Steve. Atagwidwa, Jo adanena kuti wawombera ndi iye, ndipo Kate adakhala chete, mlandu wake nusenzedwa ndi wina. Mayi amene adachoka kwa a Hastings chifukwa cha kupotoka kwawo adalandira bodza lomuombola, ndipo sitidaone mtima wake ukumtsutsa pa nkhaniyi ngakhale pang'ono. Kugwa kwa a Hastings kudali ndi chiyambi, kudalinso ndi malipiro. Kwa Kate kudalibe zonse ziwiri. Seweroli lidafuna mpikisano wa magalimoto usiku, ndipo khalidwe la munthu ndilo lidalipira.

Munthu wachinayi

Tsopano tibwerere ku usiku wa pa 2 Meyi uja. Wachinayi wosadziwikayo adapezeka kuti ndi Ian Buckells, woseweredwa ndi Nigel Boyle. Munthuyu oonerera adamdziwa kuyambira mu 2012 monga wapolisi waulesi, wogwira ntchito mwamphwayi, wokonda masewera a gofu kuposa mafailo a pa desiki yake. Adaonekanso mu 2017 atakwezedwa udindo, ndipo mu 2021 adali atakwezedwanso. Palibe ankamuopa, ambiri ankangomseka. M'chigawo chomwecho cha 2021 tidamuona ali m'ndende, manja akunjenjemera popanga tiyi, pamene Lee Banks ankapha loya Jimmy Lakewell m'chipinda chomwecho. Tsono oonerera atauzidwa kuti ameneyu ndiye ankatumiza mauthenga ophetsa anthu, ambiri adati nzosatheka, munthu wopusa chotere sangakhale mutu wa zonsezi.

Dandauloli lili ndi mbali ziwiri, ndipo tiyenera kuzilekanitsa. Mbali yoyamba ndi yoona. Kwa zaka zisanu ndi zinayi tidaonetsedwa ulesi ndi mantha a Buckells, koma dyera lake ndi kuuma mtima kwake sitidazione mokwanira. Chuma chimene adabisa tidachimva m'ndime yotsiriza, chowerengedwa kuchokera pa mapepala. Umboni womgwira udali kalembedwe kolakwika ka mawu aja, kopezeka m'mafailo akale. Mlembi akadationetsa nkhope yake yachiwiri ngakhale kamodzi m'zigawo zam'mbuyo, kuululikako kukadalemera.

Mbali yachiwiri ndi imene tikuikana. Ambiri adakhumudwa chifukwa ankayembekeza chimunthu chanzeru zoopsa, kangaude wokhala pakati pa ukonde, woti akagwidwa dziko lonse lipume. Adalandira munthu wamba, ndipo adamva ngati aberedwa. Komatu apa ndi pamene seweroli lidanena chinthu chozama kuposa zonse. Buckells mwini wake adafotokoza kuti iye ankangopititsa mauthenga pakati pa magulu a zigawenga, ndipo adatsala yekha pamalopo chifukwa anzake ochenjera adafa kapena kugwidwa. Adakwera maudindo chifukwa palibe adamuyesa kanthu. Zolakwa zake zonse anthu ankati ndi kulephera chabe, osadziwa kuti kulepherako ndiko kudali chofunda chake. Ndipo akulu a polisi sadafune kumva kuti m'nyumba mwawo muli chiswe, popeza kuvomera kukadaipitsa mbiri ya onse. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. N'chifukwa chake chigawocho chidatha AC-12 itachepetsedwa mphamvu, pamene Philip Osborne, yemwe adalamula kuti imfa ya munthu wosalakwa ikwiriridwe mu 2012, adali pa mpando wa mkulu wa apolisi onse a m'deralo.

Amene adati mathero awa ndi osakhulupirika sadadikire nthawi yaitali kuti moyo weniweni uwayankhe. Pa 15 Juni 2021, patangopita masabata asanu ndi limodzi, bungwe lapadera lotsogozedwa ndi Baroness Nuala O'Loan lidatulutsa lipoti la imfa ya Daniel Morgan, wofufuza milandu woima payekha amene adaphedwa ndi nkhwangwa ku Sydenham, kumwera kwa London, m'chaka cha 1987. Kafukufuku adachitika kangapo, koma palibe adapezeka wolakwa pa kuphako. Bungwelo lidapeza kuti apolisi a Metropolitan adabisa kapena kukana zolephera zawo pofuna kuteteza mbiri yawo, ndipo lidati mchitidwe wotero ndi mtundu wa katangale wokhazikika m'bungwe lenilenilo. Mu lipotilo mudalibe kangaude mmodzi wanzeru zoopsa. Mudali anthu ambiri, ena achinyengo, ena aulesi, ena amantha, ndi akulu okonda dzina labwino kuposa choonadi.

Muyeso wa kuweruzira

Tatenga sewero limodzi lokha, koma muyeso wake ugwira pa masewero onse, a pa kanema, a pa wailesi, ngakhale a pa bwalo la sukulu. Munthu wa m'sewero akakudabwitsani, musafulumire kuombera m'manja kapena kunyoza. Yambani mwabwerera m'mbuyo, mufunse ngati mbewu ya chimene wachitacho idaonetsedwa kale. Ikapezeka, monga ngongole ya a Hastings kapena msana wa Steve, mlembi alibe mlandu, ndinu amene mudaphethira. Funsaninso kuti chochitikacho chatumikira yani, munthuyo kapena mlembi. Ngati munthu wachita chinthu chimene phindu lake lokha ndi kukusocheretsani kapena kukuthamangitsani mtima, monga kutaya kompyuta kuja ndi kuthawa kwa Kate, dandaulo lanu ndi lolungama. Potsiriza dzifunseni nokha ngati mwakhumudwa chifukwa nkhani yanama, kapena chifukwa yanena choonadi chimene simudachifune.

Funso lotsirizali ndilo lovuta, ndipo ndilo latichititsa kulemba zonsezi. Mmene timaweruzira anthu a m'sewero ndi mmenenso timazolowerera kuweruza anthu amoyo. Oonerera a Line of Duty adalakwa pawiri, ndipo kulakwa kwake nkodziwika kulikonse kumene anthu akhala pamodzi. Munthu amene adamkonda adamuika pamwamba kotero kuti sadaone katundu amene ankamlemera, ndipo atagwa adati si yemweyo. Munthu amene adampeputsa sadamlondole konse, popeza ankafunafuna choipa chokhala ndi nyanga ndi mano, pamene chenichenicho chidali pa desiki yoyandikana nawo chikuyasamula. Wolungama afunika womfunsa za ngongole yake isadamgwetse, ndipo waulesi afunika womuwerengera mafailo ake asadakwezedwe.

Inu achinyamata, amene muonerera zambiri kuposa ife, musachite manyazi kutsutsa mlembi, ngakhale wotchuka chotani, pakuti woonerera amene wapereka madzulo ake ali ndi ufulu wofuna kuti asanamizidwe. Koma kutsutsa kwanu kukhale ndi umboni, monga AC-12 imafunira umboni isadamange munthu. Tchulani ndime, tchulani chimene munthuyo adachita kale, muonetse pamene ulusi wadukira. Ndipo inu makolo, sewero likatha musangozimitsa kanema n'kukagona. Afunseni anawo kuti uje wachita zimenezi chifukwa ninji, nanga mudaziona zikubwera? Mudzadabwa kupeza kuti maso amene ankagwira Fisi akachenjera popanda chifukwa akadali akuthwa, angofuna wowafunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.